Kabichi Wanga Atasanduka Dzuwa

Tinyade anabwera nalo Lachisanu,
buku lopanda chikuto, ngodya zitapindika ngati makutu a galu wodwala.
Akuti a Nzunga abwereketsa mausiku atatu okha,
likanyowa wolipira ndine.

Ine ndimagulitsa pa Lizulu.
Ndimadziwa kuunjika tomato kuti mulu uoneke wonenepa,
ndimadziwa galimoto yoima ndi yongoliza hutala.
Zakumwamba ndinasiyira abusa ndi a zanyengo.

Koma bukuli silikhala phee ngati anzake.
Limatuma.
Tenga chakuti, yeza apa, zimitsa nyale, zungulira.
Tsamba lililonse lili ndi ntchito yake, ngati apongozi.

Loweruka, chifunga chisanachoke pamsewu,
mwana anatola kabichi wanga wamkulu,
uja ndinasungira a m'basi ya ku Blantyre,
namukhazika pa njerwa.
Ili ndi dzuwa, amayi, musagulitse.
Anayenda mapazi makumi anayi akuwerenga mokweza,
nawerama, naika kanjere ka mapira pa chitsekerero cha botolo.
Ili ndi dziko.

Ndinapita kukaona, ndalama za anthu zili m'manja.
Kanjere.
Nkhuku ikanadutsa ikanatimeza tonse osamva kukhosi.
Ndinati, ndiye tonsefe tili pamenepa?
Ndi ngongole ya feteleza yomwe?
Ndi bambo ako omwe, kulikonse ali ku Joniko?
Anati eya, ndipo malo atsalako.

Kenako anawoloka tala ndi nsawawa imodzi m'dzanja,
nalowa m'Mozambiki monga timachitira tikafuna chenje,
nayendabe, nachepa, nasanduka kadontho kofiira ka juzi.
Anabwerako dzuwa lenileni litatentha, milomo itauma.
Lomaliza lili kuseri kwa chigayo, amayi,
kumeneko kumazizira kuposa Juni wa kuno.
Pobwerera anapeza mbuzi itadya dziko lachisanu.
Analira pang'ono. Ine ndinaseka mpaka kasitomala anathawa.

Usiku Zondiwe anagwira tochi ya foni,
Tinyade anabaya mbatatesi pa sipoko ya njinga
nazungulira nayo pang'onopang'ono pakati pa nyumba.
Ndinaona ndi maso angawa:
chikhadabo cha kuwala, kenako theka, kenako yonse mbee,
kenako kutha.
Mbatatesi osachepa, osakula.

Ndinati, ife tinkamva kuti mwezi ndi wamitala.
Chekechani wa kum'mawa amaumana chakudya, uwonde,
Puikani wa kumadzulo amaudyetsa, unenepe.
Mwana anatsegula tsamba, chala chili pa chithunzi.
Si awiri, amayi. Ndi mmodzi yemweyo,
amangotulukira uku nyengo ina, uku nyengo ina.
Ndipo si nyenyezi, ndi dziko linzathu.

Ndinakhala chete.
Mkazi mmodzi,
m'mawa amunena kuti ndi womana,
madzulo amuyamika kuti ndi wopatsa,
chonsecho mwamunayo kuwonda ndi kunenepa
ndi mayendedwe ake omwe.
Zimenezo sindinamuuze Tinyade. Ali Sitandade 6.

Lolemba buku linabwerera kwa a Nzunga
lili ndi chidindo cha chala cha tomato pa tsamba 23.
Sanatilipiritse.
Kabichi uja ndinagulitsa, wolemera bwino,
mayi wa ku Balaka anakadyera dzuwa osadziwa.

Lero ndadzuka folo koloko, dengu pamutu,
mame akulowa m'mapatapata, mphepo ikuluma makutu.
Uyo, pamwamba pa mitengo ya bulugamu,
akuyaka yekhayekha, anthu onse ali m'tulo.
Ndinaima, khosi likunjenjemera ndi katundu.
Ndinati, mwadzuka bwanji, mnzanga.
Kenako ndinapitiriza,
kanjere kali kuzungulira pansi pa mapazi anga
osanditayira ngakhale tomato mmodzi.